Bokosi la ku Yukon ndi mboni ya diso limodzi

Gogo wamkazi akamwalira ku Iowa kapena ku Minnesota, m'dziko la America, ana ake, omwe nawonso imvi zili mbuu, amakumana panyumba ya malemu kuti aikonze ipeze wogula. Mipando amagawana, mbale amapereka kutchalitchi, zovala zimapita kokagulitsa ngati kaunjika. Chimatsala ndi bokosi lomwe lidakankhidwira kuseri kwa wodilopu zaka 70 zapitazo. M'kati mwake muli buku la zithunzi la masamba akuda. Pachithunzi choyamba pali mnyamata ndi mtsikana atavala majasi aubweya, ataima pambali pa lole, kumbuyo kwawo mapiri atayera kuti mbee. Muli baji yachitsulo yokhala ndi nambala, timapepala ta malipiro, makalata omwe mizere ina idadulidwa ndi msilikali wofufuza makalata, ndi pepala la ndandanda wa zakudya za pa Khirisimasi ya 1943. Pansi penipeni pali nsapato zachikopa zofewa, zopetedwa ndi mikanda, zomwe palibe adazipondetsapo pansi.

Mabokosi otere alipo ambiri ku America ndi ku Canada, chifukwa anthu omwe adapita kukagwira ntchito kumpoto kwenikweni kwa maiko awiriwa, ku Alaska ndi ku Yukon (chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa Canada), pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse adali masauzande ochuluka. Eni ake atha tsopano, ndipo funso lagwera ana ndi zidzukulu: tichite nalo chiyani? Ena amaliponya kudzala. Ena amaligulitsa pa intaneti kachidutswakachidutswa. Ena amalisunga mwaulemu, n'kumalitsegula kamodzi pachaka kuti aone momwe agogo ankakonderana. Ine ndikuona kuti onsewa akulakwitsa, ngakhale otsirizawo akulakwitsa mwachikondi. Bokosili ndi mboni pa mlandu womwe sudathe, ndipo mboni malo ake ndi pabwalo pomwe mlanduwo ukukambidwa, kumpoto komweko.

Chidatengera mnyamata ndi mtsikana aja kumeneko ndi mantha a boma la America. Japan itaphulitsa Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941, akuluakulu a asilikali adazindikira kuti ku Alaska, dera lawo la kumpoto kwenikweni, ankafikako panyanja ndi pandege basi. Msewu wolumikiza derali ndi dziko lonse kudalibe. Mu Febuluwale 1942 Pulezidenti Franklin Roosevelt adavomereza kuti msewu ulambulidwe kudutsa m'dziko la Canada. A ku Canada adalola, bola America ilipire zonse ndipo nkhondo ikatha gawo la m'dziko mwawo libwerere m'manja mwawo. Mu Malichi asilikali omanga adayamba kutsika sitima pa Dawson Creek, pomwe njanji inkathera. Mu Juni ndege za Japan zidaponya mabomba pa Dutch Harbor ku Alaska komweko, asilikali ake n'kulanda zilumba za Attu ndi Kiska, ndipo aliyense yemwe ankakayika za changu adatseka pakamwa. Pa 20 Novembala 1942, pamalo otchedwa Soldier's Summit pafupi ndi nyanja ya Kluane, adatsegulira msewuwo, womwe lero umatchedwa Alaska Highway, wa makilomita pafupifupi 2,700. Mtunda umenewu ndi woposa kuchoka ku Nsanje kukafika ku Karonga n'kubwereranso, ndipo adaulambula m'miyezi isanu ndi itatu.

Mawu oti msewu apa ndi ulemu chabe. Zomwe asilikali oposa 10,000 adasiya m'mbuyo mwa makatapila awo zidali mkwaso wamatope, milatho yamitengo yomwe madzi osefukira adakokolola dzinja litatha, ndi zitunda zomwe lole yodzaza sinkakwera popanda kukokedwa. Kumeneko kuli madambo omwe amawatcha muskeg, omeza galimoto yathunthu. Kulinso nthaka youndana chaka chonse, yomwe ukangoipala ndere zapamwamba dzuwa limaisungunula n'kusanduka phala. Adaphunzira movutikira kuti ndere asamazichotse, m'malo mwake aziyala mitengo mopingasa n'kuthira miyala pamwamba. Ntchito yosandutsa mkwasowu kukhala msewu weniweni idagwera anthu wamba pafupifupi 16,000 pansi pa nthambi ya boma ya Public Roads Administration, kudzera m'makampani ochokera ku Iowa, Minnesota, Seattle ndi Ontario. Mnyamata wa pachithunzi uja kawirikawiri amakhala wa m'gulu limeneli: dalaivala, makaniko, kalipentala, woyeza malo.

Ngati sadali wa pamsewu, ndiye adali wa Canol, ntchito ina yomwe idayamba chaka chomwecho. Cholinga chidali kupopa mafuta ku Norman Wells, m'mphepete mwa mtsinje wa Mackenzie, n'kuwatumiza pa paipi ya mainchesi anayi kudutsa mapiri omwe mzungu sankawadziwa bwino, mpaka ku Whitehorse, tauni ya ku Yukon, kokawayenga. Gulu la makampani la Bechtel-Price-Callahan lidakhoma chidziwitso m'maofesi olembera anthu ntchito chomwe mpaka lero chimatchuka chifukwa chosanyengerera. Chidachenjeza kuti uku si kokasangalala, kuti kutentha kudzafika pa madigiri 90 ndipo kuzizira kudzatsika mpaka madigiri 70 kunsi kwa ziro pa muyeso wa Fahrenheit, kuti udzudzu ndi ntchentche sizidzangosowetsa mtendere koma zidzavulaza thupi, ndipo yemwe sadakonzeke asavutike n'kufunsira ntchitoyo. Pa muyeso womwe tidazolowera ife, kumeneko n'kuchoka pa 32 kukafika pa 57 kunsi kwa ziro.

Anthu adawerenga chidziwitsocho n'kulembetsabe. Chifukwa chake mudzachipeza pa timapepala ta malipiro tija, ndipo ine ndimatilemekeza kuposa zithunzi. Zikumbutso za boma zimanena za kukonda dziko. Sindikukana, analipo omwe adapitira chimenecho. Koma awa ndi ana omwe adakulira m'umphawi wa m'zaka za m'ma 1930, pomwe abambo awo ankaima pamzere wolandira chakudya. Kumpoto kudali malipiro okwera, maola owonjezera ochuluka, chakudya ndi pogona zapakampu, komanso kudalibe sitolo zoti n'kumwazirako ndalama. Banja latsopano linkawerengera kuti likapirira chaka chimodzi kapena ziwiri lidzabwerako ndi ya nyumba kapena ya munda. Ife sitifunika kutanthauziridwa zimenezi. Palibe mwamuna wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba adakwera ndege ya Wenela chifukwa cholakalaka kuona migodi.

Mkazi naye kawirikawiri sankangotsatira mwamuna. Nyumba zidali zosowa kwambiri. Whitehorse nkhondo isadayambe kadali katauni ka anthu mazana ochepa, pothera njanji yopapatiza yochokera kudoko la Skagway. Mwadzidzidzi kadadzaza ndi anthu masauzande, matenti ndi nyumba zamalata zozungulira ngati theka la mgolo. Njira yodalirika yoti mkazi apezeko bedi idali kukhala ndi ntchito yakeyake: kutayipa, kuwerengera malipiro, kulumikiza matelefoni, unamwino, kuphika. Choncho m'mabokosi ambiri mabaji amakhala awiri. Mabuku a mbiri ya msewuwu adzaza ndi maina a akazembe ankhondo ndi manambala a magulu a asilikali. Mkazi yemwe ankatayipa malipoti awo zala zili gwa ndi chisanu amapezeka m'bokosi lake lokha.

Apa ndi pomwe wotaya bokosi kudzala amalakwira. Taonani momwe Canol idathera. Idadya madola pafupifupi 134 miliyoni. Fakitale yoyenga mafuta adaiphwasula ku Corpus Christi, ku Texas, n'kuisenza zidutswazidutswa mpaka ku Whitehorse. Idayamba ntchito mu Epulo 1944, ndipo chaka chisadakwane n'komwe bwino adaitseka. Komiti ya nyumba ya malamulo yotsogozedwa ndi Harry Truman, yemwe pambuyo pake adakhala pulezidenti, idadzudzula ntchitoyi kuti idali yosakaza chuma. Nkhondo itatha fakitale ija idapasulidwanso n'kupita ku Edmonton, mafuta atapezeka pa Leduc mu 1947. M'mapiri mudatsala malole ochita dzimbiri, migolo, ndi waya wa telefoni yemwe kwa zaka zambiri ankakola nyanga za nyama zikuluzikulu zakumeneko, caribou ndi moose, mpaka kufa. Malipoti a boma adzakuuzani mtengo wa paipi ndi tsiku lomwe mafuta adafika. Sadzakuuzani chifukwa chomwe amuna ambiri ankathawira ntchito mgwirizano wawo usadathe, zomwe anthu ankanong'onezana m'chipinda chodyera za katundu wongowazidwa, kapena momwe munthu amamvera akaona chinthu chomwe adaumira nacho zala chikutsekedwa asadafike n'kwawo komwe. Zimenezo zili m'makalata, pakati pa moni ndi madandaulo a mazira aufa.

Kanthu kakang'ono ka munthu wamba kamatha kupitirira ntchito ya boma. Mu 1942 msilikali wina, Carl Lindley wa ku Danville, Illinois, adatumidwa kukakonza chikwangwani cholozera njira pa Watson Lake. Kwawo kutamusowa, adakhomerapo kathabwa kolozera ku Danville ndi mtunda wake. Odutsa adatengera. Lero pamalopo pali nkhalango ya zikwangwani zoposa 70,000 zochokera konsekonse, ndipo alendo ambiri amaima pamenepo osadziwa n'komwe dzina la kazembe yemwe adalamulira ntchito yonse.

Mpaka apa okonda zakale akugwedeza mutu movomereza. Tsopano tsegulaninso buku la zithunzi lija, muwerenge nkhope. Pa asilikali omwe adalambula msewu, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adali munthu wakuda, m'magulu a nambala 93, 95 ndi 97, ndipo gulu lina la akuda, la 388, lidagwira ku Canol. Ambiri adali anyamata akumwera kwa America omwe chipale chofewa sankachidziwa. Gulu lankhondo la America nthawi imeneyo lidali losankhana mitundu: akuda ankakhala paokha, olamulira awo adali azungu, zipangizo zabwino zinkayamba zapita kwa azungu, ndipo ambiri a iwo adadutsa nyengo yachisanu m'matenti. Ankawatalikitsa dala ndi matauni ndi midzi. Ndiye mtsikana wa muofesi ya ku Whitehorse akadawajambula liti? M'buku lake muli madansi, mpira, kukwera ngolo yokokedwa ndi agalu, chimbalangondo chikufunkha m'dzala la kampu. Sadaname. Adajambula zomwe adaloledwa kuona, ndipo mwina sadafunse kuti ena aja akugona kuti.

Chithunzi chimodzi chidatchuka. Kumapeto kwa Okutobala 1942, pafupi ndi Beaver Creek, katapila yochokera kumpoto idakumana ndi yochokera kumwera, ndipo oyendetsa ake, Refines Sims Jr. wakuda ndi Alfred Jalufka mzungu, adajambulidwa atagwirana chanza. Nyuzipepala zidachifalitsa, kenaka dziko lidaiwala. Padafunika khama la anthu ngati mtolankhani Lael Morgan, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kusaka okalamba omwe adatsala ndi zithunzi zawo, kuti nkhani ya asilikali akudawa ibwerere pamalo pake. Boma la Alaska lidakhazikitsa tsiku lowakumbukira, 25 Okutobala, mu 2017, msewu utakwanitsa zaka 75. Onani kuti chomwe chidakonza mbiri ndi mabokosi enanso, a mabanja ena, atayikidwa pambali pa oyamba aja. Bokosi limodzi lili lokha kuchipinda silingadzitsutse.

Nanga nsapato zamikanda zija? Adasoka ndani? Pafupifupi aliyense wobwera kuchokera kumpoto ankagula zotere kwa amayi a mitundu ya eni nthaka: Tlingit, Tutchone, Kaska, Dene. Zidali zotentha kuposa jombo za kampani, ndipo zidali mphatso yabwino yotumiza kwa amayi kumudzi. M'bokosi zimakhala zopanda dzina la wosoka. Pansi pa chithunzi cha mayi wogulitsayo, ngati chilipo, pamalembedwa mawu awiri okha otchula mtundu wake, nthawi zina mawu achipongwe omwe masiku amenewo ankatuluka m'kamwa mosavuta.

Kwa mayi ameneyo zaka za 1942 ndi 1943 sizidali ulendo wokasangalala ndi mwamuna. Chakudza sichiyimba ng'oma: anthu omwe ankakhala m'magulu ang'onoang'ono, osaka ndi osodza, adangoona makatapila akugwetsa mitengo m'njira zomwe makolo awo ankayendamo, nthawi zambiri motsogozedwa ndi amuna awo omwe, olembedwa ganyu yolondolera alendo. Pambuyo pa makatapila padabwera matenda. Pa Teslin, mudzi wa a Tlingit, chikuku, kamwazi, chikasu, chifuwa chokoka mtima, matsagwidi ndi matenda oumitsa khosi zidatsatana m'chaka chimodzi, ndipo dokotala John Marchand adalemba za miliri imeneyi m'magazini ya madokotala a ku America mu 1943. Ana adafa. Alendo nawo ankasaka nyama mongosangalala, ndipo mu 1943 boma lidatseka dera lalikulu la Kluane kuti likhale malo otetezera nyama. Oletsedwa kusakamo adali eni dera omwe ankadalira nyamazo pa chakudya ndi zovala. Alendo adapha, chilango chidagwera eni mudzi.

Pa Teslin pomwepo padali munthu wina yemwe ndimafuna kuti aliyense wosunga buku la zithunzi la nthawi imeneyo amudziwe. George Johnston, wa mtundu wa Tlingit, adadziphunzitsa yekha kujambula ndi kutsuka zithunzi, ndipo adajambula anthu akwawo kwa zaka zambiri msewu usadafike: ali kosaka, ali pamasewera, ali m'zovala zawo zapamwamba. Mu 1928 adagula galimoto ya Chevrolet n'kuibweretsa pa sitima yapamadzi kumudzi komwe kudalibe msewu. Adalambula yekha kamsewu kake, ndipo nthawi yachisanu ankaiyendetsa pamwamba pa nyanja youndana, ataipaka utoto woyera kuti nyama zisaione. Galimotoyo ilipo mpaka lero m'nyumba yosungiramo zakale yotchedwa dzina lake. M'zithunzi za Johnston anthu ali ndi maina, ali ndi abale, akuyang'ana kamera ngati akuyang'ana mnansi. M'buku la banja la ku Iowa anthu omwewo ali m'mphepete mwa chithunzi, ngati mitengo. Ikani mabuku awiriwa patebulo limodzi, mudzaona zomwe lililonse palokha silingakuonetseni.

Sindikuimba mlandu achinyamata awiri aja. Adali ndi zaka makumi awiri ndi mphambu zochepa, akuzizidwa, akusowa kwawo, akuwerenga masiku. Chikuku sadachinyamule dala. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo iwo adakamukadi: pofika 1945 ambiri adali atabwerera, mu 1946 Canada idalandira gawo lake la msewu, mu 1948 udatsegulidwa kwa aliyense. Koma mwambiwu umanena za mlendo yekha, sunena za udzu womwe adagonapo. Chifukwa cha msewuwu midzi ya m'mphepete mwa mitsinje idasamukira kumsewu, sitima zapamtsinje wa Yukon zidatha ntchito, ndipo mu 1953 likulu la Yukon lidachoka ku Dawson City kupita ku Whitehorse. Kwa banja lija zidali zaka ziwiri zokamba pamaphwando moyo wonse. Kwa eni dera chidali chiyambi cha moyo wina womwe sadaupemphe.

N'chifukwa chake ndikuti bokosi lipite kumpoto. Ku Whitehorse kuli Yukon Archives, kulinso nyumba zosungiramo zakale monga MacBride Museum, ndipo m'matauni a m'mphepete mwa msewu muli zina zing'onozing'ono. Kumeneko ndi komwe kuli anthu omwe angayang'ane mayi wa m'mphepete mwa chithunzi n'kunena kuti awa ndi agogo a uje, nyumba iyi idali pakuti, kapetedwe ka mikanda aka ndi ka banja lakuti. Si maloto ayi. Nthambi yosunga zolembedwa ya dziko la Canada idagwirizana ndi ena kuyambitsa ntchito yotchedwa Project Naming kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, yotengera zithunzi zakale kwa okalamba a mtundu wa Inuit kuti atchule maina a anthu omwe ojambula adawasiya opanda maina, ndipo anthu ambiri adazindikiridwa. Mdzukulu wa ku Iowa akayang'ana chithunzicho amaona agogo ake ali achitsikana. Mdzukulu wa ku Teslin mwina adzaonapo nkhope ya mwana yemwe adamwalira m'mliri uja, yemwe banja lake lilibe chithunzi chake china. Ndani mwa awiriwa akuchifuna kwambiri?

Wina anena kuti katundu ndi wa banja, ndipo ngati osonkhanitsa zakale akufuna kulipira, vuto lili pati? Vuto lili pa momwe msika umagulira. Wosonkhanitsa mabaji amafuna baji yokha. Wa masitampa amafuna envulopu yokhala ndi chidindo cha positi ya asilikali, kalata ya m'kati alibe nayo ntchito. Zithunzi amazimatula m'buku n'kugulitsa chimodzichimodzi, mawu omwe adalembedwa pansi pake n'kutsala papepala lakuda lopita kumoto. Pomaliza banja lapeza ndalama yosakwana n'kugulira matayala a galimoto, ndipo chomwe chidapatsa zinthuzo mtengo weniweni chatha, chomwe ndi kudziwa kuti baji iyi, kalata iyi ndi nsapato izi ndi za munthu mmodzi, pa kampu yakuti, mwezi wakuti. Zili ngati kugulitsa ng'ombe poyamba ndi miyendo.

Chotsutsa champhamvu ndi china, ndipo ndimachimvetsa. M'makalata muli zachinsinsi. Muli mawu achikondi omwe adalembedwera munthu mmodzi, mikangano ya m'banja, mwina pathupi pomwe padapita padera kutali ndi amayi. Malemu sadapemphe kuti alendo adzawerenge. Apa banja lili ndi ufulu wosankha, ndipo osunga zolembedwa amadziwa kugwirizana ndi opereka kuti zina zitsekeredwe kwa zaka zakutizakuti. Kalata yachikondi isungeni kunyumba ngati mtima ukutero. Chomwe sindivomereza ndi kusefa kofuna kuyeretsa dzina: kung'amba tsamba lomwe agogo adalembapo mawu onyoza akuda kapena eni nthaka, kubisa chithunzi cha amuna ataima monyadira pa mulu wa nyama zomwe sadadye n'komwe. Manyazi amenewo ndi omveka, koma tsamba limenelo ndi lomwe mbali inayo yakhala ikunena kwa zaka 80 anthu osaikhulupirira. Msilikali wofufuza makalata adadula kale mizere yake mu 1943. Mdzukulu asatenge lumo kumalizitsa.

Ena amati ingojambulani zonse pa kompyuta, muike pa Facebook, nkhani yatha. Kujambula n'kwabwino, ndipo banja lichite zimenezo lisadapereke, kuti mdzukulu aliyense akhale ndi zake. Koma ndaona zithunzi zakale zikuyenda pa intaneti zitavulidwa chaka, malo ndi dzina, wina n'kuzimata nkhani yabodza, anthu n'kumagawana. Pepala lenileni lili ndi kumbuyo, komwe kuli pensulo ya mwini wake ndi chidindo cha yemwe adatsuka. Nsapato zenizeni zili ndi msoko womwe mayi wodziwa kusoka angautembenuze n'kuuwerenga ndi zala.

Nkhaniyi ndi ya ku Yukon, koma nkhondo idali yomweyo yomwe idatenga anyamata a ku Nyasaland. Pomwe awiri aja ankazizidwa ku Whitehorse, askari a King's African Rifles ochokera kuno adali atamenya kale nkhondo ku Somaliland ndi ku Abyssinia, ena ku Madagascar, ndipo mu 1944 adali m'matope a chigwa cha Kabaw ku Burma. Adabwerako ndi mamendulo, kabuku ka malipiro, jasi, chithunzi chimodzi ngati adachita mwayi. Zambiri mwa zimenezi zidadyedwa ndi chiswe ndi njenjete, zina zidabalalika tsiku logawana katundu wa malemu, pomwe maso a abale amakhala pa njinga ndi wailesi, mapepala n'kupita koyatsira moto. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nkhondo imeneyo ife tidali ngati mayi wosoka nsapato uja: m'mabuku a zithunzi a maofesala achingerezi, omwe ali m'mabokosi ku Britain, agogo athu ndi omwe ali m'mphepete, pansi pawo patalembedwa mawu oti askari basi. Mdzukulu wa ofesala wotere atandifunsa kuti bokosi alitani, ndingamuuze kuti ku Zomba kuli National Archives, ndipo kumidzi kudakali anthu omwe angazindikire mphuno ndi chipumi cha kwawo. Sindingapemphe zimenezo kwa Mngerezi n'kukana kuti a ku Teslin apemphe zomwezo kwa wa ku Iowa.

Ntchito yoyamba ndi yotopetsa, ndipo sifuna katswiri. Ngati pali wachikulire yemwe adamvako nkhanizi kwa eni ake, mukhazikeni pansi bokosi lili chotsegula, mulembe zomwe akukumbukira: kampu yake, kampani yake, adapita liti, adabwera liti, uyu waima kumanzereyu ndani. Mulembe ndi pensulo, papepala lapadera, osamata chilichonse ndi selotepi. Musasiyanitse kalata ndi envulopu yake. Nsapato zija musazichape, musazipake mafuta. Muzikulunge m'nsalu yoyera, ndipo m'kalata yopita ku Whitehorse mufunse ngati alipo angadziwe dzanja lomwe lidapeta maluwawo.